Hatchi yanenepa kwambiri komanso ikutsekula m'mimba, ndiyambire pati?

WakuNtcheu pa Kyalami

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa amene munasamalapo mahatchi, kaya kuno ku Joni kaya kwina kulikonse.

Ndimagwira ntchito pa poloti ina kuno ku Kyalami, mahatchi alipo anayi. Atatuwo alibe vuto. Yomwe yandisowetsa tulo ndi yaikazi, ya mtundu wa Boerperd, ya zaka 14. Mwini wake ndi mwana wamkazi wa abwana, koma chipitireni kuyunivesite palibenso amene akuikwera. Ntchito inatha koma chakudya chikadali chomwe chija: m'mawa ndi madzulo cubes (timibulu ta chakudya chogula cha mahatchi) zosakaniza ndi molasses (madzi otsekemera otsala popanga shuga), kagawo ka lucerne (chomera cha gulu la nyemba chodyetsa ziweto), neti yodzaza ndi udzu wouma wa teff usiku, ndipo masana onse ili pa msipu wa kikuyu. Adona akamadutsa madzulo amaipatsanso makaroti ndi maapulo, akuti ikumusowa mwana wawo.

Panopa nthiti sizikumvekanso ngakhale ndikanikize zala mwamphamvu. Pamsana pachita kangalande, moti mvula ikagwa madzi amatsalira pomwepo. Khosi lakula ndipo lalimba, ukaligwira lili ngati linunda la ng'ombe. Pamwamba pa mchira pali mafuta ofewa. Lamba wa saddle amene kale ankafika bwinobwino, pano kuti agwire bowo loyamba ndi nkhondo.

Chiyambireni mvula mu Okutobala ndowe zasinthanso. Masiku ena mibulu imatuluka yabwinobwino, koma pambuyo pake kumatsatira madzi obiriwira amene amayenderera kumchira ndi m'miyendo yakumbuyo. Masiku ena zonse zimangotuluka zamadzimadzi. Ndimaitsuka n'kuipaka Vaseline, komabe khungu layamba kusupuka ndipo ntchentche sizikuipatsa mpata. M'mimba mukulira kwambiri, mpweya ukutuluka pafupipafupi. Madzulo ena ndinaiona ikupalasa pansi n'kumayang'ana kumimba kwake, kenako inangosiya yokha n'kubwerera ku udzu. Kudya ikudya, madzi ikumwa, ndikapima kutentha kwa thupi ndikupeza 37.8.

Abwana aamuna akuti ndiitsekere mu stable, ndiziipatsa udzu wochepa kamodzi patsiku mpaka ionde. Adona akuti imeneyo ndi nkhanza, koma ndiziiphikira bran mash, phala la madeya a tirigu, kuti m'mimba mukhazikike. Ine ndatsala pakati. Mtima wanga ukukana zonse ziwiri, koma ndilibe mfundo zogwira mtima zoti ndiwayankhe nazo. Hatchiyi ndimaikonda, ndi yofatsa kuposa onse, imandizindikira ndikangotsekula geti. Ndiyambe ndi kunenepaku kapena m'mimbamu? Ndichotse chiyani, ndisiye chiyani?

Madala a ku Philippi

Mphwanga, wachita bwino kufunsa usanaitsekere. Za abwana aamunazo usayese. Hatchi siyofanana ndi munthu amene angasale chakudya tsiku lonse n'kudzadya madzulo. Inalengedwa kuti izibudula udzu pang'onopang'ono pafupifupi usana ndi usiku. Ukaisiya ndi njala udzachiza kunenepa n'kubala zilonda zam'mimba, ndiponso idzayamba kutafuna matabwa a chitseko ndi zogonera zake.

Ine ndakalambira pantchitoyi kuno ku Cape Town, ndiye ndikamva hatchi yotsekula m'mimba mosatentha thupi, choyamba ndimaganiza mchenga, chifukwa kuno ku Cape Flats nthaka yonse ndi mchenga. Kwanuko dothi ndi lina, komabe kuyesa sikulira ndalama. Tenga mibulu isanu kapena isanu ndi umodzi ya pamwamba, yosakhudza pansi. Uyiike m'pulasitiki yoonekera mkati, uthire madzi, uifinye mpaka isungunuke, kenako upachike pulasitikiyo ngodya imodzi ikuloza pansi. Pakatha theka la ola ugwire pangodyapo. Ngati muli mchenga udzaumva ukukhakhala m'zala. Ukapeza wopitirira kasupuni kakang'ono, uwauze adokotala, mwina adzakuuza kuti uipatse psyllium, mankhusu a mbewu othandiza kutulutsa mchenga m'matumbo. Ukapanda kupeza usanene kuti zatheka, ubwereze masiku angapo, chifukwa mchenga sutuluka tsiku lililonse.

Koma chimene chandiopsa m'nkhani yakoyi si ndowe ayi. Ndi khosi lolimbalo. Hatchi ya khosi lotero, ya mtundu wosachedwa kunenepa, ili pa msipu watsopano wa mvula yoyamba, imeneyo laminitis, matenda otupitsa mkati mwa ziboda, ili pakhomo. Mawa m'mawa usanachite china chilichonse ugwire ziboda zonse zinayi, makamaka zakutsogolo, umve ngati zikutentha. Uike zala kumbuyo kwa fetlock, mfundo ya mwendo ili chapamwamba pa chiboda ija, pamene pamadutsa mtsempha. Kwa hatchi yabwinobwino umachita kuvutika kuti umve kugunda. Ukamva kukugunda mwamphamvu, usadikire. Uyiyendetsenso pa simenti n'kuitembenuza pamalo ochepa, uone ngati ikuponda monyinyirika. Matenda amenewa ndinawaona ndi maso anga, hatchi yaimirira miyendo yakutsogolo itatambasulira patsogolo, thupi lonse litatsamira kumbuyo, thukuta lili kamukamu. Sindifuna uzione.

Mnyamata wa Drummond

Achimwene musavutike mtima. Chotsani cubes, lucerne, zonse lero lomwe. Muziithamangitsa pa lunge, chingwe chachitali choizungulitsira, mphindi 30 m'mawa ndi madzulo, mwezi umodzi muiona yabwerera m'chimake. Ndi ulesi chabe umenewo, ikusowa ntchito.

Achemwali a ku Yorkshire

Achimwene a ku Drummond, za kuchotsa cubes ndikugwirizana nanu, ngakhale osati tsiku limodzi, koma za lunge ayi. Kuthamangitsa mozungulira hatchi yolemera chonchi, ziboda zisanaonedwe, n'kuika moyo wake pachiswe. Ngati laminitis yayamba kale mobisika, timinofu togwirizira fupa ku chiboda tafooka, ndipo kuithamangitsa kungachititse kuti fupalo lipendekeke. Zikafika apo kubweza n'kovuta.

Achimwene a ku Kyalami, ine ndimagwira pa livery yard, malo osungira mahatchi a anthu ena, kuno ku England, kumene mahatchi onenepa ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku chifukwa msipu ndi wonona. Yankho langa pa funso lanu ndi lakuti muyambe ndi m'mimba, ndipo mudzaona kuti zinthu zokonza m'mimbazo ndi zomwenso ziyambitse kuonda. Ndifotokoze chifukwa chake, kuti mukhale ndi chowauza abwana.

Chifu cha hatchi ndi chaching'ono poyerekeza ndi thupi lake, chimalowa malita 8 mpaka 15 basi. Chimatulutsa asidi nthawi zonse, kaya muli chakudya kaya mulibe, pomwe malovu amene amachepetsa mphamvu ya asidiyo amatuluka pokhapokha hatchi ikamatafuna. N'chifukwa chake siyenera kukhala maola opitirira anayi kapena asanu popanda chotafuna, makamaka masana. Komanso hatchi siisanza, chimene chalowa chiyenera kudutsa njira yonse. Ntchito yeniyeni yogaya udzu imachitika kumatumbo aakulu akumapeto, mmene muli tizilombo tosaoneka ndi maso tochuluka zedi. Tizilomboti timazolowera chakudya chimene talandira kwa nthawi. Mukabweretsa mwadzidzidzi shuga ndi sitachi wambiri, kuchokera ku cubes, molasses ndi msipu wanthete, wina amadutsa osagayika n'kukafika kumeneko. Mumachita asidi, tizilombo tabwino timafa, mpweya umachuluka, madzi salowanso bwino m'thupi. Zimene mukutsuka kumchirazo n'kutheka kwambiri kuti gwero lake ndi limeneli.

Ndiye bran mash ya adona ndi mlendo winanso m'matumbo amene asokonezeka kale. Anthu ambiri amaikhulupirira chifukwa ndi mwambo wakale, koma bran ali ndi phosphorus wambiri ndi calcium wochepa. Kikuyu nayenso ali ndi oxalate amene amamanga calcium kuti thupi lisamugwiritse ntchito. Ziwirizi zikakumana kwa nthawi yaitali mafupa amafooka.

Ndikanakhala ine ndikanachita motere. Molasses, maapulo ndi makaroti zithe lero, zimenezo sizifuna kutsanzika. Cubes muzichepetse tsiku ndi tsiku mpaka zithe pakatha sabata, m'malo mwake mulowe balancer, timibulu tija topereka mavitamini, michere ndi mapuloteni popanda kunenepetsa. Muyezo wake uli pathumba, kawirikawiri ndi magalamu 100 pa makilogalamu 100 alionse a thupi. Muonjezere supuni yaikulu imodzi kapena awiri a mchere wamba patsiku, ndipo madzi asasowe, hatchi ya msinkhu umenewo imamwa malita 25 kapena kupitirira, kukatentha imawirikiza. Pa kikuyu muichotse kaye kwa masabata awiri kapena atatu, ikhale m'paddock yopanda msipu, ikuonana ndi anzake, ili ndi udzu wouma wa mtundu umodzi wokha. Ndikuti umodzi dala. Musati lero teff mawa oat hay chifukwa ndi zimene galimoto yabweretsa. Oat hay mumupeweretu, nthawi zambiri amakhala ndi shuga wochuluka. Teff kapena eragrostis wokhwima ndiye woyenera, wosanunkha chuku, wopanda fumbi. Kusintha kulikonse kwa udzu kuzitenga masiku 7 mpaka 14, mukusakaniza wakale ndi watsopano. Lucerne sindingamuchotse yense. Manja awiri patsiku amathandiza pa calcium ndi pa asidi wam'chifu, koma asapitirire apo.

Tsono pa muyezo ndi pamene anthu ambiri amaphonya, chifukwa amapima ndi maso. Pezani kasikelo kopachika, kaja timayezera zikwama popita kumudzi. Neti iliyonse muziipima. Kulemera kwa hatchi mungakuyerekeze ndi tepi ya telala: yezani kuzungulira chifuwa kumbuyo kwa miyendo yakutsogolo, pamene pamadutsa lamba, ndiponso kutalika kuchokera pansonga ya phewa mpaka pansonga ya thako, zonse m'masentimita. Chifuwa muchulukitse ndi chifuwa chomwecho, kenako ndi kutalika, mugawe ndi 11877. Yankho ndi makilogalamu. Poyamba ipatseni udzu wouma wolemera 2 peresenti ya thupi lake patsiku. Ndowe zikakhazikika mutsike pang'onopang'ono mpaka 1.5 peresenti. Kutsika kuposa apo ndi kwa adokotala, osati ife. Kuonda koyenera ndi theka la peresenti mpaka 1 peresenti ya thupi pasabata, choncho iyi ndi ntchito ya miyezi, adona ndi abwana adziwiretu.

Udzu wochepawo kuti ukwane tsiku lonse, muugawe kanayi kapena kasanu, gawo lalikulu likhale la usiku. Gwiritsani ntchito neti ya timabowo tating'ono, kapena lowetsani neti ina mkati mwa inzake. Kuno timaviikanso udzu m'madzi kuti shuga wina asungunuke. Mupime usananyowe, muviike ola limodzi, muukhetse, madziwo mutaye kutali ndi kumene ingamwe. Ndi kutentha kwa Gauteng musausiye m'madzi usiku wonse, umasasa. Koma zoviikazi muyambe m'mimba mutakhazikika, kuti china chikavuta mudziwe chimene chayambitsa.

Zonsezi sizilowa m'malo mwa dokotala. Madzi otuluka pambuyo pa mibulu yabwinobwino aja kuno timawaona kawirikawiri, ndipo paokha sapha hatchi. Koma kupalasa pansi ndi kuyang'ana kumimba ndi colic, kupweteka kwa m'mimba, ngakhale inadzithera yokha. Mukadzaona kutentha kwapitirira 38.5, mtima ukugunda kopitirira 50 pamphindi ili chiimire, nkhama zafiira kwambiri kapena zauma, ikukana chakudya, ikudzigubuduza, kapena ndowe zasanduka madzi okhaokha onunkha, imbani foni nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Ndipo musaipatse bute, mankhwala ochepetsa ululu aja, mwa inu nokha chifukwa yapezeka mu tack room, chipinda chosungiramo zipangizo za mahatchi. Mankhwala amenewo amatha kuyambitsa zilonda m'matumbo aakulu omwe akudwala kalewo.

Alangizi a ziweto, Dedza

Ndikuthokoza achemwali, mwafotokoza momveka. Ine mahatchi sindikumana nawo kawirikawiri, kuno ndi abulu okoka ngolo, koma pa nkhani ya njala ndili ndi umboni. Bulu wonenepa akasiya kudya mwadzidzidzi, kaya chifukwa cha matenda kaya mwini wake wamumana, thupi limatulutsa mafuta ambiri nthawi imodzi n'kuwathira m'magazi, chiwindi chimalephera kuwasamala. Matendawa amatchedwa hyperlipaemia. Ukatenga magazi n'kuwasiya akhazikike, madzi a pamwamba amaoneka oyera, osati achikasu. Ambiri sapulumuka. Amagwira kwambiri abulu ndi mahatchi ang'onoang'ono onenepa, makamaka aakazi. Abwana anu aamunawo muwauze zimenezi mwaulemu, kuti njala ingawaphere chiweto chimene akufuna kuchipulumutsa.

China, mufufuze ngati pali chimene hatchiyo ikudya inu osadziwa. Kuno anthu amathira madeya ochuluka nthawi imodzi pokolola, bulu n'kutupa mimba. Ena amapatsa chakudya cha nkhuku kapena cha ng'ombe chotsala, osadziwa kuti china chimakhala ndi monensin, amene kwa hatchi ndi bulu ndi poizoni woononga mtima ngakhale atakhala wochepa. Pa poloti pamakhala antchito angapo, aliyense ndi chifundo chake. Mufunse onse.

WakuNtcheu pa Kyalami

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga mobwerezabwereza. Ndikupatseni zimene ndapeza.

Madala, ziboda ndagwira. Sizikutentha, ndipo mtsempha ndikuumva patalipatali. Pa simenti ikuyenda bwino koma potembenuka ikuchita ngati ikusamala mwendo wakumanzere. Ndaonanso mizere yozungulira ziboda zakutsogolo, yotalikirana chakumbuyo kuposa kutsogolo. Mchenga m'pulasitiki munalibe, ndibwerezanso.

Achemwali, chifuwa ndapeza 185, kutalika 165. Ndawerengera pafoni zatuluka makilogalamu 475. Ndiye kuti poyambira ndi makilogalamu 9 ndi theka a udzu patsiku. Neti ya usiku yokha ndaipima, inali ndi makilogalamu 8, osawerengera kikuyu wa tsiku lonse ndi zina zija.

Alangizi, mawu anu aja ndi amene avumbula nkhani. Ndinafunsa mnzanga wa m'munda, wandiuza kuti chiyambireni mvula akumatchetcha kapinga kawiri pasabata, ndipo zotchetchazo amakakhuthula kuseri kwa mpanda wa paddock, pakona yomwe hatchiyi imakonda kuima. Ndapitako. Mulu ulipo, ndalowetsa dzanja mkati ndi motentha, mukununkha mosasa, ndipo mbali ya kumpanda yadyedwa mpaka pamene khosi lake limafika. Iye sankadziwa kuti n'zoopsa, ankaona ngati udzu ndi udzu basi. Tachotsa mulu wonse ndi wilibala.

Ndawaonetsa adona zimene mwalembazi, ndikuwamasulira. Avomera kuitana dokotala, abwera Lachisanu. Abwana aamuna za kutsekera asiya atamva za mafuta olowa m'magazi. Chomwe chatsala ndi makaroti, adona akuti sangapite kukaiona chimanjamanja. Ndiwauze chiyani? Komanso mu stable timayala udzu wa tirigu, ndipo ndikukayika kuti ndikachepetsa neti iyamba kudya zogonerazo.

Achemwali a ku Yorkshire

Zotchetcha za makina ndi zoopsa kwambiri, achimwene. Zimayamba kuwira zikadali pamulu, hatchi imazimeza osatafuna chifukwa ndi zodukaduka kale, ndiye zimakapitiriza kuwira m'mimba. Mwina gawo lalikulu la vuto lanu linali limenelo. Komabe musabwezere zina zija poganiza kuti mwapeza wolakwa, khosi lija silinakule ndi kapinga wa mwezi umodzi.

Mizere ya paziboda yotalikirana chakumbuyoyo muwaonetse adokotala asanayambe n'komwe kuona zina. Kawirikawiri imasonyeza kuti laminitis inadutsapo mwakachetechete. Mpaka Lachisanu isathamange, isakwereredwe, ndipo kikuyu isamuone. Muwapemphe ayeze insulin m'magazi, chifukwa hatchi za khosi lotere zambiri zimakhala ndi vuto lotchedwa EMS, thupi limatulutsa insulin wochuluka likalandira shuga, ndipo insulin ameneyo ndi amene amaononga ziboda. Pa zaka 14 angaonenso ngati n'koyenera kuyeza ACTH m'magazi, imene imasonyeza matenda a Cushing ogwira kwambiri mahatchi okalamba. Aone mano, chifukwa udzu wosatafunidwa bwino umavutitsanso matumbo. Inu muyang'ane pansi pa neti ngati pali timipukutu ta udzu tonyowa tolavulidwa. Mukonzeretu ndowe za m'mawa womwewo m'kapulasitiki kuti akawerenge mazira a njoka zam'mimba. Musathamangire kuipatsa mankhwala a njoka panokha pamene matumbo ali chonchi. Pali tinjoka tofiira tating'ono timene timabisala m'khoma la matumbo, sitioneka pa kuyeza mazira, ndipo mankhwala ake ndi nthawi yake asankhe ndi adokotala.

Adona musawaletse kubwera ndi kanthu, mungowasinthira. Patulani pang'ono pa balancer ya tsikulo, muike m'kachitini pakhomo la stable, azipereka imeneyo ndi dzanja lawo. Apatseninso bulashi. Hatchi yosowa mwini wake imasangalala ndi kupesedwa, ndipo adokotala akaloleza kuyenda, adonawo ndi amene angamaikoke pachingwe mphindi 10 kapena 15 madzulo, n'kumaonjezera sabata ndi sabata.

Za zogonera mwaganiza bwino, idzadyadi. Mapesi a tirigu pang'ono si oipa, kuno ena timasakaniza dala mapesi abwino ndi udzu kuti hatchi itafune nthawi yaitali. Koma ikadya ochuluka mosapima, isanawazolowere, amatha kutseka matumbo. Pemphani shavings, zopalidwa ku matabwa, muziyala zimenezo. Ndipo tepi ija muziyeza tsiku limodzimodzi sabata iliyonse, m'mawa isanadye, pamalo omwewo, n'kulemba m'kabuku pamodzi ndi mmene ndowe zaonekera.

Madala a ku Philippi

Mphwanga, ukadzaibwezera pa msipu adokotala atalola, uyambe ndi theka la ola m'mamawa, dzuwa lisanakwere, pamene shuga mu udzu ali wochepa. Ugule grazing muzzle, chovala kukamwa chochepetsa udzu umene ingadye, yoikwana bwino, uone kuti ikutha kumwa madzi itavala, ndipo uziivula ikachoka pa msipu. Usaivule ikadali pa kikuyu, idzabwezera zonse mu ola limodzi. Mu Juni ndi Julayi kwanuko kukagwa chisanu choumitsa udzu, m'mawa wotero usaitulutsire pa msipu.

Farrier wanu, wokonza ziboda uja, abwere tsiku limodzi ndi adokotala ngati n'kotheka, aonere limodzi zibodazo. Utiuze zotsatira za magazi zikatuluka.